Maganizo a Chisilamu pa Kuwerenga Ndakatulo ndi Nkhani Zopeka Zachikondi: Phunziro Lochokera ku Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

1.0 Chiyambi

Ndili Fomu 3, amalume anga anapeza mabuku awiri m'chikwama changa nditapita kwathu ku Ntchisi pa tchuthi. Loyamba linali Romeo and Juliet, sewero la William Shakespeare lomwe pa nthawiyo linali pa silabasi ya mayeso a MSCE. Lachiwiri linali kabuku kachikondi kothothoka chikuto kamene tinkabwerekana kugonero kwa atsikana. Amalumewo sawerenga Chingerezi, koma chithunzi cha mnyamata ndi mtsikana pa chikuto cha buku loyambalo chinawakwanira. "Kodi soya timagulitsa uja ndi wolipirira zimenezi?" anandifunsa motero. Ndinayesa kufotokoza koma iwo anati mlanduwo akaumve a shehe.

A shehe sanapse mtima. Anandifunsa kuti, "Mwanangu, buku ili likukamba chiyani, nanga likutha bwanji?" Ndinafotokoza za mabanja awiri odana, za ana awo okondana ndi za imfa imene inagwa chifukwa cha chidani cha makolo ndi phuma la anawo. Iwo anagwedeza mutu nandibwezera bukulo. Atanyamula kabuku kachiwiri kaja anati ndifotokozenso zam'katimo amalume akumva. Pakamwa panga panauma. Kabukuko sikanabwerenso m'manja mwanga.

Chimangirizo chino chabadwa kuchokera pa tsikulo. Cholinga chake ndi kufufuza zimene Chisilamu chimanena pa kuwerenga ndakatulo ndi nkhani zopeka zachikondi. Tiyamba ndi mbiri ya Asilamu a m'dera la Dowa ndi Ntchisi, kenaka tiona zimene Qur'an, hadisi ndi maulama akale ananena, timvenso mbali ya oletsa, ndipo potsiriza tiyesa mfundozo pa zolemba zimene ophunzira a Chichewa timakumana nazo. Mfundo imene ndikufuna kuikira kumbuyo ndi yakuti Chisilamu sichiweruza zolemba poona mtundu wake, koma poona zimene zili m'kati, amene zikumunena, ndi zimene zikuchita mu mtima ndi m'nthawi ya wowerenga.

2.0 Asilamu m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'Malawi, ndipo ambiri ali m'maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota. Ku Dowa ndi ku Ntchisi ndi ochepa. Kuno ndi kwa Gule Wamkulu ndi kwa mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Nkhoma. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula Mvera mu 1889 ndi Kongwe mu 1894, ndipo sukulu zambiri zoyambirira za m'mapirimu zinali m'manja mwawo. Samuel Josiah Nthara, amene buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933, anali mwana wa ku Dowa wophunzitsidwa ndi amishoni omwewa.

Chisilamu chinakwera mapiriwa makamaka kuchokera kunyanja. Ku Nkhotakota, boma lochita malire ndi Ntchisi, Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ndipo kumeneko Achewa ambiri analowa Chisilamu. Kumeneko ndi kumenenso mayi wina wophunzira, Mtumwa binti Ali, anafalitsa njira ya Qadiriyya atabwera kuchokera ku Zanzibar cha m'ma 1929. Amalonda, asodzi ogulitsa nsomba kumtunda ndi maukwati ndi zimene zinafikitsa mizikiti m'malo a malonda monga Mponela ndi Ntchisi boma. Chiyambire 1994, msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka wabweretsanso Asilamu ochokera ku Somalia ndi maiko ena.

Mbiri imeneyi ili ndi bala limodzi loyenera kulikumbukira. M'nthawi ya atsamunda makolo ambiri achisilamu ankaletsa ana awo kupita ku sukulu za mishoni poopa kuti akawabatiza. Mantha awo anali ndi chifukwa, koma mtengo wake unali waukulu: Asilamu anatsalira m'maphunziro ndi pa ntchito zolembedwa kwa mibadwo ingapo. Choncho kholo lachisilamu likalanda buku m'manja mwa mwana lero, nkhaniyo si ya buku limodzi lokha. Ikukhudza funso lakale lija, lakuti kodi mwana angaphunzire za kusukulu osataya chipembedzo chake.

3.0 Qur'an ndi hadisi pa nkhani ya ndakatulo

Sura ya 26 ya Qur'an imatchedwa Ash-Shu'ara, kutanthauza alakatuli. Ndime 224 mpaka 226 zimadzudzula alakatuli pa zinthu zitatu: otsatira awo ndi anthu osokera, iwo eni amangoyendayenda m'nkhani iliyonse popanda chowaletsa, ndiponso zonena zawo sizigwirizana ndi zochita zawo. Anthu ambiri amalekera pomwepa n'kugamula kuti ndakatulo ndi haramu. Koma ndime 227 imapatula alakatuli okhulupirira, ochita zabwino, okumbukira Mulungu kawirikawiri ndi odziteteza ataponderezedwa. Chimene chikudzudzulidwa ndi khalidwe la mlakatuli, osati luso loluka mawu.

Kuti timvetse bwino tiyenera kudziwa udindo wa mlakatuli pakati pa Aluya a nthawiyo. Iye anali mlomo wa fuko. Ankatamanda mfumu yomulipira, kunyoza adani ndi kukolezera nkhondo. Adani a Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) ankamunena kuti ndi mlakatuli pofuna kupeputsa uthenga wake, n'chifukwa chake sura ya 36 ndime 69 imakana kuti Qur'an ndi ndakatulo. Kukana kumeneku n'kosiyanitsa chivumbulutso ndi luso la munthu, si chiletso cha lusolo.

Moyo wa Mtumiki ukuchitira umboni zimenezi. Hassan ibn Thabit anali mlakatuli wake, ndipo ankamuikira poimirira mu mzikiti wa ku Madina kuti alakatule. M'buku la hadisi la Muslim muli nkhani ya al-Sharid amene Mtumiki anamupempha kuti amulakatulire ndakatulo za Umayya ibn Abi al-Salt, munthu amene sanalowe Chisilamu, mpaka mizere inakwana 100. Al-Bukhari anasunga hadisi yonena kuti m'ndakatulo zina mumapezeka nzeru. Komabe al-Bukhari yemweyo anasunganso hadisi yoopsa, yoyerekeza kudzaza m'kati mwa munthu ndi ndakatulo ngati chinthu choipa kuposa kudzazamo mafinya. Kodi ziwirizi zikutsutsana? Mutu umene al-Bukhari anaika pamwamba pa hadisi yachiwiriyi ukuyankha: choipidwa nacho ndi pamene ndakatulo zamugonjetsa munthu mpaka kumutsekereza kukumbukira Mulungu, kufuna maphunziro ndi kuwerenga Qur'an. Vuto ndi kudzaza, osati kulawa. Nkhokwe ikadzaza ndi gaga, chimanga chimasowa polowa.

Imam al-Shafi'i, amene sukulu yake ya malamulo ndi imene Asilamu ambiri a m'Malawi amatsatira, anali mlakatuli iye mwini. Chiphunzitso chake chinali chakuti ndakatulo ndi mawu monga mawu ena onse: abwino ndi abwino, oipa ndi oipa, kaya alukidwa m'mizere kaya ayankhulidwa wamba.

4.0 Nanga ndakatulo zachikondi?

Wina atha kuvomera zonsezi n'kunena kuti zololedwazo ndi ndakatulo zotamanda Mulungu ndi zolangiza basi. Apa m'pamene mbiri imatidabwitsa. Cha m'ma 630, mlakatuli Ka'b ibn Zuhayr, yemwe poyamba ankanyoza Mtumiki, anabwera ku Madina kudzapepesa ndipo analakatula ndakatulo yodziwika ndi dzina lakuti Banat Su'ad. Ndakatuloyo siyamba ndi chitamando. Imayamba ndi madandaulo a mwamuna amene wokondedwa wake Su'ad wamuchokera, ndipo imafotokoza maso ake, liwu lake ndi kumwetulira kwake. Mtumiki anamvetsera mpaka kumapeto namukhululukira. Anthu amasimbanso kuti anamuveka mkanjo wake, ngakhale akatswiri ena a hadisi amakayikira mbali ya mkanjoyi. Chimene chili chodziwika n'chakuti maulama akhala akuiphunzitsa ndakatuloyi kwa zaka zoposa 1,000 osadula chiyambi chake. M'zaka za m'ma 1200, al-Busiri wa ku Egypt anatsata njira yomweyo m'ndakatulo yake ya Burda, imene imayamba ndi misozi ya munthu wogwidwa ndi chikondi ndipo imalakatulidwa pa maulidi m'maiko ambiri, kuphatikizapo m'mbali mwa nyanja ya mchere kuno kum'mawa kwa Africa.

Ngakhale m'mabuku a hadisi muli nkhani zachikondi. Al-Bukhari akusimba za Mughith amene ankatsatira mkazi wake wakale Barira m'misewu ya Madina misozi ikutsikira m'ndevu. Mtumiki anamumvera chisoni ndipo anakamupepesera kwa Barira. Mayiyo anafunsa ngati limeneli linali lamulo, ndipo atamva kuti kunali kupempha chabe, anakana kubwererana naye. Palibe amene anadzudzulidwa, Mughith chifukwa cholira kapena Barira chifukwa chokana. Kankhani kameneka kakutiphunzitsa kuti chikondi chimachitiridwa chifundo komanso kuti mkazi sakakamizidwa.

Maulama akuluakulu analembanso mabuku athunthu pa mutuwu. Ibn Hazm wa ku Córdoba, amene anabadwa mu 994 namwalira mu 1064, anali katswiri wa malamulo wodziwika ndi kuuma pa mfundo, koma ndi iye analemba Tawq al-Hamama, kutanthauza mkanda wa njiwa. M'mitu yake 30 akufotokoza zizindikiro za chikondi, makalata, atumiki a pakati, nsanje, kulekana ndi imfa. Iye ankati chipembedzo sichiletsa chikondi pachokha popeza mitima ili m'manja mwa Mulungu, ndipo anatseka bukulo ndi mitu iwiri, wa kuipa kwa tchimo ndi wa ubwino wa kudzisunga. Ibn Qayyim al-Jawziyya, amene anamwalira mu 1350, analemba Rawdat al-Muhibbin momwe anasonkhanitsa nkhani ndi ndakatulo za okondana n'cholinga choongolera chikondi ku njira yololedwa.

Amene anaika malire momveka bwino ndi al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111. M'buku lake la Ihya Ulum al-Din anafotokoza kuti ndakatulo yofotokoza kukongola kwa mkazi, masaya, tsitsi ndi msinkhu, si yoletsedwa kuilemba kapena kuimva. Choletsedwa ndi kuilozetsa kwa mkazi weniweni wodziwika amene si wako, ndiponso munthu amene chilakolako chamugonjetsa ayenera kuitalikira chifukwa adzayamba kuiveka pa munthu amene mtima wake ukumusirira. Apa pali malire awiri, ena oteteza ulemu wa munthu wonenedwayo, ena oteteza mtima wa womvera. Malire oyambawo ndi amene anachititsa kuti Umar ibn Abi Rabi'a, mlakatuli wa ku Makka wa kumapeto kwa zaka za m'ma 600, azidzudzulidwa, chifukwa ankalakatula za amayi olemekezeka obwera ku Hajj mowatchula maina.

5.0 Kodi nkhani yopeka si bodza?

Nkhani zopeka zili ndi mlandu wina umene ndakatulo zilibe kwenikweni. Chisilamu chimadana ndi bodza, ndipo pali hadisi ya Abu Dawud ndi al-Tirmidhi yochenjeza munthu wonama pofuna kuseketsa anthu. Kodi mlembi amene wapeka ampangankhani ndi zochitika sakunama?

Funsoli si latsopano. Al-Hariri wa ku Basra, amene anamwalira mu 1122, analemba nkhani 50 zotchedwa Maqamat zokhudza tambwali wopeka dzina lake Abu Zayd. M'mawu ake otsogolera anadziteteza poyerekeza nkhani zakezo ndi nthano za nyama zimene palibe ankati n'tchimo kuzimva, ndipo anati ntchito imayesedwa ndi cholinga chake. Nthano za nyamazo zinali zodziwika kale kudzera m'buku la Kalila wa Dimna limene Ibn al-Muqaffa anamasulira m'Chiarabu cha m'ma 750. Maqamat anadzakhala buku lophunzitsira chiyankhulo m'masukulu a chipembedzo kwa zaka mazana ambiri.

Ife Achewa mfundoyi sitivutika nayo. Agogo akati "Padangotero," ana n'kuyankha kuti "Tili tonse," pangano lachitika. Aliyense akudziwa kuti Kalulu sanayankhulepo ndi Fisi. Bodza ndi kunena chosaona n'cholinga chakuti womvera achitenge ngati choona. Nthano sinamiza munthu chifukwa imadziulula yokha kuti ndi nthano. Chimodzimodzi buku lolembedwa pachikuto kuti ndi nkhani yopeka lanena kale kuti "Padangotero." Maulama ena amakanabe, koma ambiri a masiku ano amalola nkhani zopeka malinga ngati wowerenga akudziwa kuti n'zopeka ndipo sizikunamizira Mulungu, atumiki kapena anthu enieni.

Chofunika kwambiri pa mutu wathu ndi sura ya 12, ya Yusuf, imene ili ndi ndime 111. Kwa Msilamu iyi si nkhani yopeka, ndi choonadi, koma ikutionetsa mmene nkhani ya chilakolako ingasimbidwire. Mkazi wa nduna ya ku Egypt akutseka zitseko, akumuitana Yusuf, iye akuthawa, malaya akung'ambika kumbuyo, amayi a mumzinda akudzicheka manja ataona kukongola kwake. Palibe chobisika pa zimene zinachitika, koma palibenso mawu amodzi ovula munthu. Chilakolako chikuoneka mphamvu yake, mayesero akuoneka kulemera kwake, ndipo pamapeto mayiyo akuvomera kulakwa kwake. Ndime yachitatu ya surayi imaiika nkhaniyi pamwamba pa nkhani zonse. Alakatuli achisilamu anaitenga n'kuikuza, monga Jami wa ku Herat amene analemba Yusuf ndi Zulaykha mu 1483. Choncho mutu wa chikondi ndi chilakolako si woletsedwa. Nkhani yagona pa kasimbidwe.

6.0 Mbali ya oletsa

Kungakhale kusaona mtima kunena kuti amalume anga analibe poimira. Oletsa ali ndi mfundo zolemera. Sura ya 17 ndime 32 siletsa chiwerewere chokha, imaletsanso kuchiyandikira. Sura ya 24 imalamula amuna ndi akazi kutsitsa maso, ndipo ndime 19 imachenjeza okonda kuti zonyansa zifale pakati pa okhulupirira. Sura ya 31 ndime 6 imadzudzula munthu wogula nkhani zopanda pake kuti asocheretse anthu, ndipo omasulira ena amati imanena za al-Nadr ibn al-Harith amene ankasimba nthano za mafumu a ku Persia pofuna kuti anthu asamvere Qur'an. Palinso hadisi yoletsa mkazi kufotokozera mwamuna wake thupi la mkazi wina mpaka mwamunayo kukhala ngati akumuona. Hadisi imeneyi ikuvomereza chinthu chimene ophunzira zolemba timachidziwa bwino, chakuti mawu amajambula zithunzi m'mutu. Ngati maso a kunja ayenera kutsitsidwa, a m'kati nawo ali ndi mlandu wake. Pa maziko amenewa maulama anamanga lamulo la sadd al-dhara'i, kutseka njira yopita ku choipa chisanachitike. Ibn al-Jawzi, amene anamwalira mu 1201, analemba buku lonse la Dhamm al-Hawa pochenjeza za chilakolako chosalamulirika.

Makolo a kwathu ali ndi chifukwa china chooneka ndi maso. Aona atsikana akusiya sukulu chifukwa cha mimba ndi maukwati a ana, vuto limene linachititsa kuti mu 2017 malamulo aakulu a dziko asinthidwe kuti ukwati uziyambira zaka 18. Kholo likaona buku lachikondi limaona chiyambi cha njira imeneyo.

Mkangano wotere wachitikanso kwina. Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, mabuku achikondi a m'Chihausa otchedwa littattafan soyayya anafala kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2007 bwanamkubwa Ibrahim Shekarau anatsogolera kutentha ena mwa mabukuwa pa sukulu ina ya atsikana. Komatu ambiri mwa alembi ake anali amayi achisilamu, monga Balaraba Ramat Yakubu, amene anakwatiwitsidwa ali mwana ndipo amalemba zodzudzula maukwati okakamiza ndi nkhanza za m'banja. Ku Somalia, kwawo kwa ena mwa anansi athu a ku Dzaleka, nyimbo zazifupi zachikondi zotchedwa balwo zimene anayambitsa Abdi Sinimo m'zaka za m'ma 1940 zinatsutsidwa ndi atsogoleri a chipembedzo, koma zinadzakhala muzu wa nyimbo zamakono za Chisomali. Ku Indonesia njira inali ina: Habiburrahman El Shirazy, wophunzira ku Al-Azhar, analemba Ayat-Ayat Cinta mu 2004, nkhani yachikondi yoyenda m'malire a chipembedzo, ndipo inawerengedwa ndi anthu ochuluka. Zitsanzozi zikuonetsa kuti moto ndi chiletso sizithetsa ludzu la nkhani zachikondi. Chimene chimathandiza ndi kupereka madzi abwino.

7.0 Kuyesa zolemba zathu

Kuchokera m'zonsezi tingatole mafunso anayi amene wophunzira wachisilamu angadzifunse.

Loyamba ndi la zam'kati. Kodi cholembedwacho chikufotokoza chikondi kapena chikuvula anthu? Kodi tchimo likuonetsedwa monga gawo la moyo lokhala ndi zotsatira zake, kapena likukometseredwa? Kusimba za chigololo si kuchilimbikitsa, monga taonera pa sura ya Yusuf. Pa muyeso umenewu zolemba zambiri za Chichewa zimadutsa mosavuta, chifukwa alembi athu monga Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba amakonda kulondola mpangankhani mpaka akolole zimene anafesa. Chiyankhulo chathunso chimathandiza, pakuti Mchewa amaphimba za kuchipinda ndi zining'a ndi mikuluwiko.

Lachiwiri ndi la wonenedwa. Kwa owerenga, Ligineti wa m'ndakatulo yotchuka ya Benedicto Wokomaatani Malunga ali ngati Su'ad wa Ka'b, dzina la m'ndakatulo lonyamula chikondi cha aliyense. Shaaban Robert wa ku Tanga, Msilamu wa makolo a Chiyao, analira mkazi wake Amina m'ndakatulo, ndipo palibe mlandu pamenepo popeza anali mkazi wake. Koma mnyamata wolemba ndakatulo yofotokoza thupi la mtsikana wa m'kalasi mwake, n'kuiika pa Facebook ndi dzina lake, wadumpha malire a al-Ghazali. Wamuvula mwana wa eni pagulu, ngakhale ndakatuloyo ikhale yaluso chotani.

Lachitatu ndi la wowerenga. Buku limodzi silichita zofanana mwa anthu onse. Wophunzira wa chaka chachitatu wosanthula zifanizo ndi mfundo zikuluzikulu sali pamalo amodzi ndi mwana wa zaka 13 wowerenga mobisa usiku. Maulama akale ankadziwa kusiyana kumeneku. Ibn Abbas ankalangiza anthu kufufuza matanthauzo a mawu ovuta a m'Qur'an m'ndakatulo zakale za Aluya, ndipo akatswiri a galamala ankagwiritsa ntchito mizere yachikondi monga umboni wa malamulo a chiyankhulo. Kuwerenga kophunzira kuli ndi malo ake m'Chisilamu kuyambira kale.

Lachinayi ndi la nthawi. Kodi swala yadutsa ndili pa tsamba? Kodi Qur'an yachita fumbi? Funsoli lakula masiku ano chifukwa kabuku kothothoka chikuto kaja kalowa m'foni. Nkhani zachikondi za m'Chichewa zoyenda m'zigawozigawo pa WhatsApp ndi Facebook zimafika ku Malomo ndi ku Madisi popanda mkonzi, mphunzitsi kapena malume woona chikuto. Mlonda wotsala ndi wowerenga mwini wake.

Tibwerere kwa a shehe aja. Muyeso wawo wondiuza kuti ndifotokoze pamaso pa amalume uli ndi maziko m'hadisi ya Muslim yonena kuti tchimo ndi chimene chimakusowetsa mtendere mu mtima ndipo sufuna kuti anthu achidziwe. Unagwira ntchito tsikulo chifukwa kabukuko kanalidi kolaula. Komabe muyesowu uli ndi polekezera. Pa mwambo wathu mtsikana sakamba za chikondi chilichonse pamaso pa malume wake, ngakhale cha ukwati wa nikahi. Manyazi a mwambo ndi kutsutsidwa ndi chikumbumtima ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo tikazisakaniza tidzaletsa zambiri zimene chipembedzo sichinaletse. Tisaiwalenso kuti chikondi sichinabwere ndi mabuku. Chili kale m'nyimbo za pamtondo, za chimtali ndi za mganda zimene mapiri a Dowa ndi Ntchisi akhala akumva kuyambira kalekale.

8.0 Mawu omaliza

Chimangirizo chino chaonetsa kuti Qur'an imadzudzula khalidwe la alakatuli ena koma imapatula ena, kuti Mtumiki anamvetsera ndakatulo yoyamba ndi chikondi, kuti maulama monga Ibn Hazm ndi al-Ghazali analemba za chikondi ndi kuika malire ake, ndiponso kuti nkhani yopeka yodziwika kuti n'njopeka si bodza. Chaonetsanso kuti mantha a oletsa ali ndi maziko, makamaka pa zolaula, pa kunyazitsa anthu enieni ndi pa kutha kwa nthawi.

Kwa aphunzitsi a zolemba, phunziro n'lakuti wophunzira wachisilamu akazengereza pa buku lina asamuyese wotsalira. Amufotokozere chifukwa chimene bukulo lasankhidwira, ndipo ngati n'kotheka amukumbutse kuti chipembedzo chake chili ndi nkhokwe yakeyake ya zolemba zachikondi. Kwa makolo ndi mashehe, phunziro n'lakuti afunse zam'kati asanaweruze chikuto, kuopa kubwereza kutsalira kwa nthawi ya sukulu za mishoni. Kwa ife ophunzira, ntchito yatsala ndi kulemba. Nkhani zachikondi za m'Chichewa zochokera m'moyo wa Asilamu n'zosowa, pomwe sura ya 30 ndime 21 imaika chikondi ndi chifundo cha okwatirana pakati pa zizindikiro za Mulungu. Amalume anga anakalamba tsopano ndipo maso awo saonanso bwino. Ndimalakalaka tsiku lina kudzawawerengera nkhani yachikondi yolembedwa ndi mdzukulu wa ku Ntchisi, imene ndingaifikitse kumapeto pakamwa posauma.